Zilonda za M'kamwa mwa Apongozi

Zilonda za m'kamwa zinandiyamba ndili mnyamata, ndipo mpaka lero zimandiyenderabe. Zimatuluka mkati mwa mlomo, kutsaya, kapena m'mphepete mwa lilime. Ndi tizilonda tozungulira, toyera pakati, tofiira m'mbali, tosaposa njere ya nandolo kukula kwake. Amene sanadwalepo amaseka akamva munthu wa imvi akudandaula ndi kanthu kotere. Aseke ndithu. Tsiku limene kadzawatulukire pansi pa lilime, nadzayesa kumwa tiyi wotentha, adzadziwa kuti misozi sisankha msinkhu.

Ntchito yanga inali yosunga mapepala a katundu pa holoselo ya amwenye ku Limbe, ndipo nditapuma chizolowezicho ndinabwera nacho kunyumba kuno ku Chimwankhunda. Mabuku anga onse a kuchipatala ndili nawo, ngakhale amene masamba ake adasanduka achikasu. Timapepala topindapinda ta m'mabokosi a mankhwala, timene anthu amataya pakhomo pa famase asanatiwerenge, ine ndimatiwongola ndi kutisunga mu sutikesi. Mwa kuwerenga ndi kufunsa madokotala ndinaphunzira kuti zilonda zotere sizipatsirana, kuti zimakonda munthu akatopa, akakhala ndi nkhawa, akadziluma tsaya kapena magazi akachepa, ndipo kuti zimapola zokha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Ndinaphunziranso kuti mumzinda muno aliyense ndi dokotala wa m'kamwa mwa mnzake. Wina amati upakepo sipiriti. Wina amati ufinyirepo ndimu kuti chilonda chipse. Mnzanga wina wa kuntchito anauzidwa kuti aike piritsi la asipirini pachilonda ndi kulisiya lisungunuke, ndipo tsaya lonse linayera ngati lawaulidwa, kachilonda kamodzi kaja n'kusanduka bala lenileni. Amene anamuuza zimenezo anali munthu wovala tayi.

Ndayamba ndi zimenezi kuti zidziwike kuti pa nkhani ya apongozi anga sindinkalota.

Apongozi anabwera kwathu madzi osefukira atagwetsa nyumba yawo ku Nsanje. Mwa mwambo wathu wa kuchigwa anayenera kukakhala kwa mwana wawo wamwamuna, alamu anga, amene ali ndi nyumba ya mpanda ku Nkolokosa. Koma alamu anati chipinda chawo cha alendo chili ndi katundu. Katunduyo ndinamuona ndi maso anga: njinga yakufa ndi makatoni a nsapato za akazi awo. Basi apongozi anafikira kwa ife, ndipo tinawalandira ndi manja awiri.

Kwathu mkamwini sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso. Sadya nawo pamodzi, sakhala nawo pafupi, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatuka. Kumudzi zimenezi n'zosavuta chifukwa bwalo ndi lalikulu. M'nyumba ya zipinda zitatu, ya khonde limodzi ndi bafa limodzi, ndi ntchito. Ndinkatsokomola ndisanatuluke m'chipinda kuti ngati ali m'njira abwerere. Iwonso ankakokera patapata wawo pansi mwadala kuti ndimve kumene ali. Akazi anga amagulitsa zitenje mumsika wa Limbe, amachoka m'mawa ndi kubwera madzulo, ndipo ana athu onse ali pa okha. Choncho tsiku lonse m'nyumba munkatsala anthu awiri osaloledwa kuonana. Sindikunyoza mwambowu. Ndinakulira momwemo ndipo ndimausunga bwino kuposa amene amaufuulira pa maliro.

Miyezi yoyamba zonse zinali bwino. Akazi anga ankawasiyira chakudya chovundikira m'chipinda, madzulo mbale n'kutuluka zoyera. Kenaka mbale zinayamba kubwerera zitangotsinidwa pambali. Pambuyo pake zinkabwerera monga zinapitira. Akazi anga akafunsa kuti, "Amayi, mukumva kupweteka pati?" yankho linali limodzi: "Palibe." Analeka kucheza, analeka kuimba nyimbo zawo za kutchalitchi zimene ndinkazimva kudzera pakhoma. Chitenje anayamba kuchimanga mozunguliza kawiri. Munthu wa msinkhu wawo akayamba kuwonda motero sapita patali, ndipo tonse tinkadziwa.

Tsiku lina m'mawa ndinali kukhitchini kutsuka kapu yanga, ndipo pawindo ndinawaona atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba akuothera dzuwa. Sindinawafunefune, windolo linamangidwa pamenepo ine ndisanagule nyumbayo. Tiyi anali atamuika pambali mpaka anazizira. Atamunyamula anapendeketsa mutu kumanzere, n'kuika kapu pangodya ya mlomo, n'kumwa kadontho. Anatsinzina, nagwira tsaya ndi dzanja, n'kukhala choncho osameza. Kenaka analavulira m'kachitini kamene anabisa pansi pa chitenje.

Ndinaika kapu yanga pansi. Kamwedwe kameneko ndi kanga. Ndakhala ndikumwa choncho moyo wanga wonse zilonda zikandigwira.

Madzulo ndinauza akazi anga kuti amayi ali ndi zilonda m'kamwa. Iwo anali atatopa, akumasula mtolo wa zitenje.

"Inu bambo, m'kamwa mwa amayi mwaonamo liti?"

"Sindinaonemo. Ndaona mmene akumwera tiyi."

"Ndawafunsa ine mwana wawo, akuti palibe. Amayi ndimawadziwa, akakhumudwa amatero. Ngakhale bambo anga ali moyo, amayi ankanyanyala chakudya mpaka wina apepese."

"Ndiye wawalakwira ndani?"

"Kaya. Achimwene akubwera Lamulungu, mukambirane."

Alamu anabwera Lamulungu masana pamodzi ndi akazi awo, onse atavala za kutchalitchi. Ananyamula jumbo ya zinthu zimene anati n'zodzutsa chilakolako cha chakudya: chinanazi cha ku Mulanje, mandimu, tsabola wa kambuzi ndi usipa wokazinga wouma gwa, wothira mchere wambiri. Ndinayang'ana jumboyo m'kamwa mwanga n'kuchita kulasa. Munthu atakhala pansi kuti asankhe zinthu zozunzira wodwala zilonda za m'kamwa, sangasankhe bwino kuposa pamenepa. Akazi awo anatulutsanso botolo la madzi amene anati awapempherera mneneri wina wa ku Manja, ndi botolo lina la mankhwala ofiira ogula kwa venda, olembedwa kuti amachiza matenda onse kuyambira mutu mpaka chidendene. Ndinalitembenuza kufuna tsiku lothera ntchito. Panalibe.

Tinakhala pabalaza, apongozi ali m'chipinda mwawo chitseko chili chotseka.

"Alamu, tisazungulire," anayamba motero. "Munthu wamkulu sakana chakudya popanda chifukwa. Mtima wa amayi suli pano. Mwina pali mawu amene anawapweteka."

"Mawu ati, poti ine ndi iwo sitilankhulana?"

"Nkhope imalankhulanso, alamu."

"Nkhope yanga sanaionepo."

Akazi awo anaseka chamumtima, n'kunena kuti nyumba zina zimakhala ndi mphepo yolemera, mlendo amangoimva. Anatero atakhala pampando wanga, akumwa tiyi wanga.

Ndinawauza modekha zimene ndinaona: tiyi wozizira, mutu wopendekeka, dzanja patsaya, kachitini. Ndinati amayi sakunyanyala, akulephera kutafuna, ndipo chofunika ndi chakuti mwana wawo ayang'ane m'kamwamo kenaka tipite nawo kuchipatala.

Alamu anatsamira kumbuyo.

"Tadikirani kaye. Zonsezi munaziona muli pati?"

"Pawindo la kukhitchini."

"Aa! Ndiye mumawasuzumira amayi akamadya?"

Akazi awo anaomba m'manja kamodzi. "Ndi zimenezotu! Munthu angameze bwanji mkamwini akumuwerenga pawindo? Ngakhale ine chakudya chingandiime pakhosi."

Umboni wanga unasanduka mlandu wanga pomwepo. Ndinapita kukatenga sutikesi, ndinatulutsa mabuku anga ndi timapepala ta mankhwala kuti aone okha zimene madokotala amalemba za matendawa. Alamu sanagwire ngakhale limodzi.

"Alamu, amayi si katundu wa mwenye woti muwapeze pa invoisi."

Kenaka, pofuna kuonetsa kuti iwo ndi munthu wachilungamo, anaimirira, napita pachitseko cha apongozi, nagogoda ndi chibakera, nakuwa kuti ngakhale oyandikana nafe amve:

"Amayi! Alamu akuti muli ndi zilonda m'kamwa! N'zoona?"

Ndinatseka maso. Mumzinda muno mukanena mokweza kuti munthu wawonda ndipo ali ndi zilonda m'kamwa, aliyense amadziwa matenda amene anthu ayambe kunong'onezana. Ndipo funso lotere, lofunsidwa pamaso pa mkamwini ndi mkazi wa mwana wake, mayi wa kuchigwa angaliyankhe bwanji? M'chipindamo munatuluka liwu laling'ono:

"Palibe."

"Mwamva nokha," anatero alamu, akupukuta manja ngati amaliza ntchito.

Chigamulo chinali chakuti Loweruka abwera ndi galimoto kudzawatenga amayi kubwerera nawo ku Nsanje, kumene mtima wawo uli. Ndinafunsa kuti akakhala m'nyumba iti, poti yawo inagwa. Anati kuli mdzukulu wina wa msuweni wawo amene ali ndi kanyumba. Mtsikanayo ndimamudziwa: ali ndi ana ake aang'ono, amakhalira kumunda tsiku lonse, ndipo kuchokera kumeneko kukafika kuchipatala ndi ulendo wa njinga ya kabaza wodutsa m'madambo. Kutumiza kumeneko mayi wosadya kunali kukawasiya pakhomo pa manda. Ndinanena zimenezo. Alamu anati pa nkhani ya mayi wawo mkamwini alibe mawu, ndipo mwa mwambo ankanena zoona. Chipinda cha alendo cha ku Nkolokosa sichinatchulidwe n'komwe.

M'mawa mwake ndinadzuka kachilonda katandituluka mkati mwa mlomo wapansi. Sindinadabwe, mkwiyo umandichita zimenezo nthawi zonse. Koma nditakagwira ndi lilime ndinaganiza kuti kabwera pa nthawi yake.

Ndinapempha akazi anga kuti asapite kumsika. Ananyinyirika, koma anakhala. Ndinatenga mpando n'kukauika kuseri kwa nyumba, pafupi ndi windo la chipinda cha apongozi, msana wanga utaloza kuwindoko monga ulemu ufunira. Ndinawauza akazi anga kuti anditengere madzi ofunda m'kapu ndi kamchere pang'ono. Ndinachukucha m'kamwa mwaphokoso, ndinalavula, ndipo ndinayamba kulankhula ndi akazi anga mokweza.

"Mayi, kanditulukanso kachilonda kaja. Kakuwawa ngati ndaluma khala la moto."

"Pepani. Koma mukufuuliranji, ine ndili pompano?"

"Ndikuuza inu. Tiyi wotentha sindimufuna, mpaka azizire. Ndiwo za tomato ndi tsabola musandipatse. Usipa wouma umachita ngati minga. Ngakhale malovu enieniwa kumeza kwake ndi nkhondo, munthu umangofuna kulavula."

Akazi anga anandiyang'ana, nayang'ana windo, ndipo anakhala pansi pamkeka. Anali atamvetsa cholinga changa.

"Nanga zimabwera chifukwa chiyani, bambo?" anafunsa, nawonso mokweza.

"Zimangobwera. Zimagwira ana a sukulu, zimagwira abusa, zimagwira madokotala amene. Si matenda a manyazi, si kulodzedwa, ndipo sungapatsire munthu pomwera kapu imodzi. Ine ndadwala kuyambira ndili mnyamata, inu mwadya nane zaka zonsezi, munatengerapo?"

"Sindinatengerepo."

"Madzi a mcherewa amatsuka, ululu n'kuchepako. Kuli mankhwala opaka amene amachititsa dzanzi, munthu n'kudya phala bwinobwino. Tating'onoti timapola tokha. Koma chilonda chikadutsa masabata atatu chisanatseke, kapena chikakhala pafupi ndi dzino losweka limene likuchikhula, chimenecho sichisungidwa m'nyumba. Chimafuna dokotala achione. Ndipo munthu wobisa chotere amavutitsa ana ake kuposa wonena."

Ndinachukuchanso. Ndinayamba kuganiza kuti ndadzichititsa manyazi pachabe pamaso pa oyandikana nafe, amene mmodzi anali ataima kale ndi tsache m'manja kumvetsera. Kenaka katani inagwedezeka, ndipo apongozi anaitana mwana wawo.

"Iwe. Tabwera nawo kuno madzi akunenawo."

Akazi anga analowa ndi kapu. Ine ndinakhala pomwepo, kuyang'ana mpanda. Ndinamva akunong'onezana, kenaka akazi anga akuti, "Yasamulani pang'ono, ndiunike ndi foni." Panapita kanthawi. Atatuluka anali akulira mosatulutsa mawu, akudzimenya pantchafu.

"Bambo, m'kamwa monse. Kutsaya, kunkhama. Ndipo palilime pali china chachikulu, pambali pa dzino lothyoka. Dzinolo lili ngati mpeni."

"Akuti chinayamba liti?"

"Akuti dzino linathyoka akudya chimanga chokazinga, mwezi wathawu usanayambe."

"Nanga osanena bwanji?"

"Akuti m'nyumba ya mkamwini mlendo sadandaula. Akuti mwawasunga kale, sangakuonjezereni matenda."

Tinanyamuka m'mawa womwewo. Mu minibasi ine ndinakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, iwo awiri kumbuyo kwenikweni. Kondakitala anatiyang'ana n'kunena kuti, "Madala, mwayambana nawo chiyani amayiwa? Bwererani kumbuyo mukapepese, moyo ndi waufupi." Anthu anaseka. Ine ndinangoyang'ana msewu. Mwana wobadwira mu Ndirande ungamufotokozere chiyani za apongozi?

Kuchipatala ndinatsala pabenchi panja, akazi anga ndi amene analowa nawo. Tinadikira nthawi yaitali, monga zimakhalira, koma anawaona bwino. Dokotala anati tizilonda tating'onoto ndi tamasiku onse, ndipo tachuluka chifukwa magazi achepa, poti munthu sakudya. Chachikulucho anati chikuchokera ku dzino, limene linkacheka lilime nthawi iliyonse akalankhula kapena kutafuna. Anawatumiza kwa a mano, amene analichotsa. Anawapatsa mapiritsi oonjezera magazi ndi mankhwala opaka asanadye, n'kulamula zakudya zofewa, zosatentha, zopanda tsabola ndi zowawasa. Ananenanso mawu amene akazi anga anandibwerezera kawiri: abwerenso pakatha masabata awiri kuti aone lilimelo, ndipo ngati chilondacho sichinayambe kutseka adzadulapo kachidutswa kukapima, chifukwa chilonda chokhalitsa palilime la munthu wamkulu nthawi zina chimakhala chiyambi cha khansa. Anafunsanso ngati amaika fodya m'kamwa, monga amachitira amayi ambiri a kwathu. Apongozi anati anasiya kalekale, ndipo dokotala anati asadzayambirenso.

Madzulo a tsiku limenelo anamwa phala la madzimadzi lozizira, theka la kapu. Tsiku lotsatira anamaliza kapu yonse. Pofika Lachisanu anali akudya peyala lopondaponda ndi mbatata yophika yofewa, ndipo ndinamva pakhoma akukalipira mwana wawo kuti phala lachepa shuga. Sindinakondwerepo ndi kukalipa kwa munthu ngati tsiku limenelo.

Akazi anga anawaimbira alamu kuwauza zonse. Yankho lawo linali lakuti galimoto yapanganidwa kale, ndipo zimene banja lagamula sizisinthidwa pa foni.

Loweruka alamu anafikadi ndi galimoto ya bokosi kumbuyo, atayalamo matiresi. Akazi awo anatsika atanyamula thumba loti alongedzeremo zovala. Ine ndinaima pakhonde chapatali. Apongozi anali pamkeka kuseri, mbale ili pamiyendo, ndipo alamu anapita kukagwada pafupi nawo.

"Amayi, tabwera. Konzekani tizipita dzuwa lisanakwere."

Apongozi anapitiriza kudya. Atameza anati, "Kupita kuti?"

"Kumudzi, amayi. Monga tinapanganira."

"Unapangana ndi yani? Adokotala akuti ndibwererenso akaone lilime. Kumudziko akaliona ndani, iweyo?"

"Koma amayi, ine ndinakufunsani, munati palibe."

"Unandifunsa uli kuseri kwa chitseko, ukukuwa ngati woitanira basi. Unkafuna ndiyankhe chiyani, mudzi wonse ukumva? Unalowa? Unakhala pansi? Wabadwa m'mimba mwanga iwe, m'kamwa mwanga ukanayang'anamo ndani akanakuletsa?"

Alamu anayang'ana pansi. Akazi awo anayesa kulowererapo, kuti chachikulu n'chakuti Mulungu wayankha ndipo mapemphero sapita pachabe. Apongozi sanawatembenukire n'komwe.

"Ndikapita kumudzi ndikadzafuna ine, nyumba yanga ikadzamangidwa. Amene ali ndi galimoto ali ndi malata. Pakali pano ndili pano."

Alamu anadzuka, nasasa fumbi pamaondo. Podutsa pakhonde anandiyang'ana ngati akufuna kunena kanthu, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Alamu, mukanatiuza bwinobwino." Ndinali ndi mayankho okwana kudzaza tsiku lonse. Koma apongozi anali pafupi, ndipo mkamwini sakalipira mwana pamaso pa mayi wake. Ndinangowatsegulira geti. Galimoto inabwerera ku Nkolokosa ndi matiresi ake.

Pa tsiku limene dokotala ananena tinapitanso. Chilonda cha palilime chinali chitachepa kwambiri, ndipo ulendo wotsatira anachipeza chitatsekeratu, kupima kuja sikunafunikenso. Masiku ano ndimamva kuti alamu amauza anthu kutchalitchi kwawo kuti ndi iwo amene anaumirira zoti amayi apite kuchipatala. Malata sanagulebe. Apongozi ali nafe, thupi linabwerera, ndipo akudya.